Mitsempha ya m'mimba mwanu sinawerenge buku la Bayoloje

Tsegulani buku lanu la Bayoloje pa mutu wa impso. Chithunzi chake mukuchidziwa kale, ena mungachijambule ngakhale magetsi atazima: impso ziwiri zooneka ngati nyemba, mtsempha waukulu wofiira ukutsika pakati, kenako nthambi imodzi kulowa mu impso ya kumanja, imodzinso kulowa ya kumanzere. Tsopano dzutsani mutu muone anzanu m'kalasimo. Ngati mulipo 60, anthu 15 kapena kuposerapo chithunzicho chikuwanamizira. Iwowo ali ndi mitsempha iwiri, mwina itatu, yopita ku impso imodzi. Sakudwala ayi. Amathamanga, amakwera phiri la Soche, amakhoza mayeso, ndipo ambiri adzakalamba osadziwa kuti m'mimba mwawo muli mosiyana ndi m'buku. Mwina mmodzi wa iwo ndi inuyo, mwinanso ndine.

Ine ndimaphunzitsa Fizikisi, ndiye wina anena kuti aphunzitsi alowa m'munda wa eni. Ndalowamo dala. Chithunzi cha m'buku ndi chabwino, chilowezeni ndithu. Koma tikamachiphunzitsa ngati lamulo lomwe thupi lililonse limatsatira, tikukonza madokotala ndi anamwino a mawa omwe adzadabwe pa nthawi yolakwika, mpeni uli kale m'manja. Ndipo njira yodziwira mmene mitsempha ya munthu wamoyo yayendera, osamung'amba, ndi Fizikisi yomweyi imene ena mwa inu mukuwerengera masiku oti muisiye.

Tiyambe tagwirizana mawu. M'Chichewa timangoti mtsempha, kaya ndi wotenga magazi kuchoka kumtima, kaya wobweza magazi kumtima, ngakhale uja wopititsa uthenga ku ubongo. Pano ndikunena za gulu loyambalo, lomwe m'kalasi mumati artery. Waukulu pa yonse ndi aorta. Imachoka mumtima, n'kukhota, n'kutsika chotsamira fupa la msana, ndipo m'mimba imakhala yotakata pafupifupi masentimita 2, ngati paipi ya pampopi wapakhomo. Cha pamchombo imagawika pawiri, nthambi iliyonse kulunjika mwendo wake. Isanafike pamenepo imatulutsa nthambi zitatu chakutsogolo. Yoyamba, coeliac trunk, ndi yaifupi kwambiri, ndipo nayo imagawika patatu: ku chifu, ku kapamba ndi ku chiwindi. Yachiwiri, superior mesenteric, imadyetsa matumbo aang'ono ndi gawo loyamba la thumbo lalikulu. Yachitatu, inferior mesenteric, imamaliza matumbo otsalawo. M'mbali mwa aorta ndi momwe mumatuluka mitsempha ya ku impso. Katswiri wa ku Switzerland, Albrecht von Haller, ndiye anafotokoza za kugawika patatu kuja mu 1756, ndipo mpaka lero mabuku amatchula malowo ndi dzina lake. Ifeyo tingoti mafuwa atatu a Haller.

Patapita zaka pafupifupi 200, Nicholas Michels wa ku Philadelphia ku America anasiya kungokhulupirira chithunzi n'kuyamba kusonkhanitsa manambala. Anatsegula mitembo 200, n'kulondola mtsempha wa kuchiwindi mu uliwonse kuti aone komwe wachokera. Dongosolo la m'buku analipeza mwa anthu 55 okha pa 100 alionse. Mwa anthu pafupifupi 11 pa 100, mtsempha wodyetsa mbali ya kumanja ya chiwindi sunachokere pa mafuwa a Haller n'komwe. Unachokera pa uja wa matumbo n'kukwera chozemba kudzera kuseri. Mwa 10 pa 100, wa mbali ya kumanzere unachokera pa mtsempha wa kuchifu. Zonse pamodzi anazisanja m'mitundu 10, ndipo madokotala akugwiritsabe ntchito kasanjidwe kake ka mu 1966 kaja. Mu 1994, Jonathan Hiatt ndi anzake ku Los Angeles anaunika ziwindi 1,000 zomwe zinaperekedwa kuti aike mwa odwala, ndipo 757 zinali monga mwa buku.

Wophunzira watcheru wafunsa kale: nanga 55 ndi 76 bwanji akusiyana chonchi, wina akunama? Palibe akunama. Kumbukirani tsiku lomwe munayeza kutalika kwa desiki imodzimodzi magulu asanu n'kupeza mayankho asanu. Wofufuza mtembo amakhala ndi masiku ambiri olondola kamtsempha kalikonse, pomwe dokotala wochotsa chiwindi akupikisana ndi wotchi. Anthu 200 ndi anthu 1,000 ndi magulu osiyananso. Koma tengani nambala yomwe mwaikonda pa ziwirizo, mupezabe kuti munthu mmodzi mwa anayi, mwinanso pafupifupi mmodzi mwa awiri, chiwindi chake chimalandira magazi m'njira yomwe buku silinajambule. Chinthu chochitika pafupipafupi chotere sitingachitchule kuti chachilendo.

Zimayamba bwanji? Yankho lili m'masabata oyamba mwana ali m'mimba mwa mayi ake. Impso siziyambira pomwe zili panopa. Zimayambira mmunsi, m'chiuno, ndipo kuyambira cha m'sabata ya 6 kufika ya 9 zimakwera pang'onopang'ono mpaka m'munsi mwa nthiti. Pokwerapo sizikoka mtsempha wakale ngati chingwe. Zikafika pamalo atsopano zimalandira nthambi yatsopano kuchokera ku aorta, ndipo yakale ija imafota n'kutha. Zili ngati banja lomwe likusamuka kukwera m'phiri, paliponse lafika likulumikiza paipi yatsopano ya madzi n'kutseka yakale. Nthawi zina yakale sitsekeka. Basi, mitsempha iwiri. Pali ena, pafupifupi mmodzi mwa anthu 500, omwe impso zawo ziwiri zinalumikizana mmunsi zisanakwere, ndipo pokwera zinakodwa pa inferior mesenteric n'kuima pomwepo, n'chifukwa chake zimapezeka mmunsi kuposa za anzawo. Za chiwindi ndi matumbo nkhani yake ndi yofanana. Julius Tandler wa ku Vienna anafotokoza mu 1904 kuti poyamba pamakhala mizu ingapo yotuluka pa aorta yolumikizana yokhayokha, kenako ina imafota ina n'kutsala. Ikafota ina osati ija ya masiku onse, mapu amasintha.

Ndatsindika zimenezi chifukwa ndikudziwa mmene nkhani imayendera kwathu kuno. Munthu auzidwe kuchipatala kuti sikani yaonetsa mitsempha iwiri pa impso, pofika pa siteji ya minibasi nkhani yasanduka yoti "apeza chinthu m'mimba", pofika kunyumba azakhali ayamba kale kutchula mayina a anthu okayikitsa. Mtsempha wowonjezerawo munabadwa nawo, ndipo mwa anthu ochuluka zedi suvutitsa moyo wonse.

Ngati suvutitsa, tikudzivutitsiranji?

Chifukwa tsiku lina munthu uja angadzagone pa tebulo la opareshoni. Ku Gulupu, pa Queen Elizabeth Central Hospital, madokotala akhala akuchotsa impso za ana odwala khansa yotchedwa Wilms tumour kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira 2017 pali Mercy James Centre yochitira maopareshoni a ana. Kuti impso ichoke, mitsempha yake iyenera kumangidwa kaye, kenako n'kudulidwa. Mwa munthu wamkulu impso ziwirizi zimalandira pafupifupi lita imodzi ya magazi pa miniti iliyonse, gawo limodzi mwa magawo 5 a magazi onse omwe mtima ukupopa. Tangoganizani dokotala wamanga mtsempha umodzi, wakhutira kuti wamaliza monga chithunzi chinanenera, n'kukoka impsoyo wachiwiri udakali wotsegula kuseri kwa chotupa. Madokotala odziwa ntchito amaufunafuna wachiwiriwo dala, chifukwa anaphunzitsidwa kuuyembekezera.

Palinso vuto lotembenuza, lodula mtsempha womwe umayenera kutsala. Apa impso ndi matumbo zimasiyana. Mitsempha ya matumbo ndi yolumikizana ngati misewu yathu. Kuchoka pa Chimwankhunda kupita m'tauni, msewu wa ku Stella Maris ukatsekeka mumadzera ku Zingwangwa ndi Kamba, mufika mochedwa koma mufika. Mitsempha ya impso ili ngati kanjira kokwera m'phiri kothera pa nyumba imodzi. Uliwonse uli ndi gawo lakelake la impso, ndipo ukadulidwa palibe mnzake wobwera kudzathandiza, gawolo limafa. Ku chiwindi, dokotala wochotsa ndulu kapena chotupa akakumana ndi mtsempha pamalo pomwe samauyembekezera, n'kuudula poganiza kuti ndi kanthambi kopanda ntchito, angakhale wadula wodyetsa mbali yonse ya kumanja. Chiwindi chenichenicho chili ndi mwayi woti magazi ake ambiri, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, amabwera kudzera pa mtsempha wina wochokera ku matumbo. Koma timachubu tonyamula ndulu timadalira artery yomweyo, ndipo tikasowa magazi timawonongeka.

Amalawi ofunika kuikidwa impso ina akhala akupita kunja, makamaka ku India, kawirikawiri limodzi ndi m'bale wodzapereka impsoyo. M'baleyo asanagone pa tebulo amayamba amujambula mitsempha. Madokotala amakonda kutenga impso ya kumanzere chifukwa mtsempha wake wobweza magazi ndi wautali, savuta kusoka. Koma chithunzi chikaonetsa kuti ya kumanzere ili ndi mitsempha itatu pomwe ya kumanja ili ndi umodzi, akhoza kusintha maganizo. Chifukwa chake ndi cha Fizikisi. Dokotala wa ku France, Jean Poiseuille, anapeza cha m'ma 1840 kuti madzi oyenda m'kachubu amadalira radius kuichulukitsa yokha kanayi. Mukachepetsa radius ndi theka, zina zonse osazisintha, madzi odutsa satsika ndi theka ayi, amatsika kufika pa gawo limodzi mwa 16, chifukwa 2 × 2 × 2 × 2 ndi 16. Mtsempha waukulu wa impso ndi wotakata pafupifupi mamilimita 5, owonjezera aja nthawi zambiri amakhala ochepera apo. Kamtsempha kotere ukakasoka n'kukapana pang'ono chabe, magazi atsika kwambiri. Yesani nokha ndi timapaipi tiwiri tomwera zakumwa, kena kakakulu kena kakang'ono, mumva kusiyana kwake m'masaya.

Ndipo si nthawi zonse pamene pamakhala mpata wojambula. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa za Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, anthu ovulala akunyamulidwa kuchokera ku Chilobwe, Manja ndi kuno kwathu kupita ku Gulupu. Munthu amene akutaya magazi m'mimba sadikira pamzere wa sikani. Pa nthawi yotere mapu okhawo omwe alipo ndi omwe ali m'mutu mwa dokotala, ndipo ndikufuna mapuwo akhale ndi njira zonse, osati imodzi yokha ya pa mayeso.

Kuona magazi osang'amba khungu

Tsopano tabwerani m'munda mwanga. Wilhelm Röntgen anatulukira ma X-ray ku Würzburg, Germany, mu Novembala 1895, ndipo mu 1901 anakhala munthu woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya Fizikisi. Koma mukajambula mimba ndi X-ray wamba, mafupa a msana aoneka, aorta osaoneka. Chifukwa? Tsegulani periodic table. Magazi, mnofu ndi chiwindi zonse zapangidwa kwambiri ndi hydrogen, carbon, nitrogen ndi oxygen, ma atomic number ake 1, 6, 7 ndi 8. Zonse zimameza cheza cha X-ray pafupifupi mofanana, ndiye pa chithunzi zimangooneka zotuwa chimodzimodzi, ngati kulemba ndi choko pakhoma la laimu. Fupa lili ndi calcium, nambala 20, n'chifukwa chake limawala. Ndiye nzeru yake ndi yothira m'magazi chinthu cha nambala yaikulu. Chomwe amagwiritsa ntchito ndi ayodini, nambala 53, atamangidwa m'mankhwala omwe impso zimatulutsa mu mkodzo pambuyo pake. Pa mphamvu za cheza zomwe amajambulira, kumeza kumakwera pafupifupi ngati atomic number kuichulukitsa yokha katatu. Ayodini amaposa mnofu pafupifupi ka 7, ndipo 7 × 7 × 7 ndi 343. Ndi kuyerekeza chabe, koma mwaona chifukwa chake ayodini wochepa amayeretsa mtsempha mbee.

Anthu sanachedwe kuiganiza nzeruyi. Mu Januwale 1896, patangotha miyezi iwiri, Eduard Haschek ndi Otto Lindenthal ku Vienna anapopera mankhwala m'mitsempha ya dzanja la munthu wakufa n'kulijambula. Kwa amoyo zinatenga nthawi. Mu 1929 Reynaldo dos Santos wa ku Lisbon anajambula aorta ya m'mimba pobaya singano yaitali kudzera kumsana mpaka kulowa mu aorta momwemo. Eee, kumsana. Mu 1953 Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden anapeza njira yofatsa, yolowetsa kachubu kudzera pa mtsempha wa m'mphechepeche mwa ntchafu motsogozedwa ndi kawaya, ndipo njirayo ikugwirabe ntchito lero.

Kenako kunabwera CT, ndipo nkhani yake inayambira kuno kummwera kwa Africa. Allan Cormack anabadwira ku Johannesburg, ndipo anali mphunzitsi wa Fizikisi pa yunivesite ya Cape Town. Mu 1956 anapemphedwa kuti azithandiza pa chipatala cha Groote Schuur pa nkhani za cheza, ndipo kumeneko anadzifunsa kuti: ngati ndiwalitsa cheza kudutsa thupi kuchokera mbali zambirimbiri, n'kuyeza chotsala mbali inayo, kodi masamu angandiuze zomwe zili pa kadontho kalikonse mkatimo? Anasindikiza yankho mu 1963 ndi 1964, anthu osalabadira. Godfrey Hounsfield wa ku England, injiniya, anafika pa ganizo lomwelo payekha n'kupanga makina omwe anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971. Awiriwa anagawana Nobel ya zachipatala mu 1979, ndipo pa awiriwo panalibe dokotala wa mankhwala. Inu ofuna udokotala koma Fizikisi mukuiona ngati chilango, mwamva?

Makina a CT amazungulira thupi n'kulidula, pa kompyuta, m'magawo opyapyala ngati buledi, ena osafika milimita imodzi. Kadontho kalikonse kamapatsidwa nambala pa sikelo ya Hounsfield: mpweya ndi −1000, madzi ndi 0, magazi wamba cha m'ma 40, moyandikana kwambiri ndi mnofu. Ayodini akalowa, magazi a mu aorta amakwera kufika cha m'ma 300. Apa kompyuta ingathe kuuzidwa kuti ionetse zowala zokhazo, n'kusanjikiza magawo aja, ndipo mtengo wonse wa mitsempha umaima pa sikirini, mukhoza kuuzunguliza ndi kuwerenga nthambi zake. Nthawi ndiye chinsinsi. Mankhwala amabayidwa pa mkono, amadutsa mumtima ndi m'mapapo, ndipo patatha masekondi pafupifupi 25 mpaka 30 ma artery a m'mimba amakhala atawala. Mukadikira kupitirira miniti, mitsempha yobweza magazi nayo yawala, chithunzi chasakanikirana, kamtsempha kakang'ono kaja kabisala. Wojambula wosamvetsa liwiro ndi nthawi angapereke chithunzi chokongola chomwe sichiyankha funso la dokotala.

M'zipatala zathu zambiri makina omwe mungakumane nawo msanga ndi a ultrasound, aja amayi oyembekezera amangoti sikani. Awa alibe cheza, amagwiritsa ntchito phokoso. Khutu lanu limalekezera pa 20,000 Hz, pomwe makina ounikira m'mimba amatulutsa mafunde a pakati pa 2 ndi 5 miliyoni Hz. Samu yake ndi ija ya echo yomwe mumaiona pa mayeso. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,540 pa sekondi mu mnofu. Ngati aorta ili masentimita 8 kuchokera pakhungu, kupita ndi kubwera ndi mamita 0.16, ndipo mukagawa ndi 1,540 mupeza pafupifupi 0.0001 ya sekondi. Makina amayeza kanthawi kameneko n'kujambula kadontho pamalo pake. Pofuna kudziwa ngati kachubu komwe akuona ndi mtsempha, ndiponso komwe magazi akulowera, amagwiritsa ntchito zomwe Christian Doppler anafotokoza mu 1842. Imani pa Ginnery Corner ambulansi ikubwera mu msewu wa Masauko Chipembere: kulira kwake kumamveka kokwera ikamayandikira, kotsika ikadutsa. Maselo ofiira a magazi amachita chimodzimodzi ndi mafunde obwerera aja. Koma ultrasound ili ndi malire. Phokoso likakumana ndi mpweya pafupifupi lonse limabwerera, ndipo matumbo amakhala ndi mpweya kutsogolo kwenikweni kwa mitsempha yomwe tikufuna. Timitsempha towonjezera ta impso kawirikawiri timaphonyeka. Choncho "sitinaone wachiwiri" ndi "palibe wachiwiri" ndi ziganizo ziwiri zosiyana, ndipo wodziwa malire a chipangizo chake sazisokoneza.

Zomwe mungandiyankhe

Woyamba anena kuti, aphunzitsi, MANEB imafuna yankho limodzi, mukutisokoneza. Pa mayeso jambulani cha m'buku, mtsempha umodzi pa impso iliyonse, mutenge malikisi anu. Palibe chabodza pamenepo, ndiwo mtundu wopezeka mwa anthu ambiri, ndipo simungazindikire chosiyana musanadziwe chozolowereka. Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi kwa olemba mabuku ndi laling'ono: mawu atatu pansi pa chithunzi, "mwa anthu ambiri". Sizidya nthawi ya silabasi. Mu Fizikisi timachita kale zimenezi, timanena poyera kuti tikuyerekeza kuti palibe friction, ndipo palibe wophunzira amene amapita panja n'kuyembekezera kuti njinga yake siima.

Wachiwiri anena kuti ndiye tonse tikajambulitse tidziwe. Ayi, apa ndikukana. CT ya m'mimba imapereka cheza cha pafupifupi 10 mSv, pomwe munthu wamba padziko lapansi amalandira pafupifupi 2.4 mSv pa chaka kuchokera m'nthaka, mumpweya, m'zakudya ndi kumlengalenga. Ndiye kuti m'masekondi ochepa mwalandira cheza cha zaka zinayi. Kwa wodwala amene akudikira opareshoni phindu lake limaposa chiopsezocho kutalitali. Kwa mnyamata wa zaka 16 wopanda vuto, wongofuna kudziwa, phindu palibe, ndipo thupi la wachinyamata limakhudzidwa ndi cheza kuposa la wachikulire. Mankhwala a ayodini nawo amatha kulemetsa impso zofooka kale, ena amawawenga. Dziko lathu lili ndi lamulo la Atomic Energy Act la 2011 ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka cheza pa zifukwa zomwezi. Komanso malo omwe mwatenga pamzere wa makina ndi malo a munthu wodwaladi.

Wachitatu ndiye ali ndi mfundo yolemera. Anena kuti dziko lomwe malungo akupha ana, lomwe kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, lingataye bwanji ndalama kuwerenga nthambi za mitsempha? Ndikuvomera kuti ukandipatsa ndalama yoti ndisankhe pakati pa madzi aukhondo ndi kafukufuku wa coeliac trunk, ndisankha madzi osaganiza kawiri. Koma chomwe ndikupempha sichifuna makina atsopano. Zithunzi za CT za m'mimba zikujambulidwa kale mu Blantyre muno pa zifukwa zina, ndipo chilichonse chojambulidwa bwino chili ndi mapu a mitsempha ya mwini wake. Wophunzira wa ku Kamuzu University of Health Sciences, atapeza chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku n'kuchotsa mayina a odwala, angakhale pa kompyuta n'kuwerenga. N'zoona kuti anthu ojambulidwawo ndi odwala, si gulu losankhidwa mwachisawawa, koma poti dongosolo la mitsempha munthu amabadwa nalo, matenda ambiri a ukulu salisintha. Ndipo tisadzione ochepa. Makina a MRI omwe anafika ku Gulupu mu 2008 kudzera mwa Terrie Taylor ndi Blantyre Malaria Project, zithunzi zake zikuwerengedwa ndi Dr Sam Kampondeni, ndiwo anathandiza kuonetsa mu 2015 kuti kutupa kwa ubongo ndi komwe kumapha ana ambiri odwala malungo a mu ubongo. Funso lomwe linazunguza dziko lonse kwa zaka zambiri linayankhidwa pa mtunda woti kuchoka pano ndi minibasi imodzi.

Manambala omwe ndakupatsani pa chiwindi achokera ku Philadelphia ndi Los Angeles. Ku Africa kuno ena anawerenganso. Ku Durban mu 2001 kafukufuku wa K. S. Satyapal ndi anzake anapeza mitsempha yowonjezera ya impso pafupifupi 28 pa 100. Ku Nairobi mu 2010 Julius Ogeng'o ndi anzake anapeza pafupifupi 14 pa 100. Musathamangire kunena kuti Akenya analengedwa mosiyana ndi anthu a ku South Africa. Funso loyamba pa peresenti iliyonse ndi lakuti, 100 wa chiyani? Wa impso kapena wa anthu? Tiyeni tiyese. Tinene kuti impso 14 pa 100 zili ndi mtsempha wowonjezera, ndipo ya kumanja ndi ya kumanzere sizitengerana. Mwayi woti impso imodzi ikhale monga mwa buku ndi 0.86. Woti zonse ziwiri zikhale choncho ndi 0.86 × 0.86, pafupifupi 0.74. Ndiye kuti anthu 26 pa 100 ali ndi wowonjezera mbali imodzi kapena zonse. Mwaona? 14 ndi 26 akhoza kukhala akunena za gulu limodzi lomwelo la anthu. Onjezani kuti wina anagwiritsa ntchito mitembo, wina zithunzi, ndipo aliyense ali ndi malire ake a kamtsempha komwe angakaone. N'chifukwa chake ndikufuna dzina la Blantyre lizitchulidwa pa mndandanda umenewu, ndi njira yowerengera yolembedwa poyera, kuti dokotala wa ku Gulupu akamatsegula mimba ya munthu wa ku Bangwe kapena ku Ndirande azidziwa zomwe anzake anapeza mwa anthu a kuno.

Ntchito imeneyi imafuna anthu, ndipo si onse ovala stethoscope. Pafunika wojambula, maphunziro omwe Malawi College of Health Sciences imapereka. Pafunika dokotala wowerenga zithunzi. Pafunika katswiri wa Fizikisi ya zachipatala, ngati mmene Cormack analili, woyeza kuti cheza chisapitirire muyezo. Pafunikanso injiniya, chifukwa makina a mamiliyoni akaima kaamba ka kachipangizo kamodzi, amakhala ngati kabati yodula basi. Onsewa poyambira pawo ndi pa mitu yomwe ili m'buku lanu la Fomu 3 ndi Fomu 4: mafunde, magetsi, electromagnetic spectrum, radioactivity.

Ofuna kuona ndi maso awo safunika makina. Nyama nazo mitsempha yake imasiyanasiyana. Gwirizanani ndi aphunzitsi anu a Bayoloje, mupite mammawa kwa ogulitsa nyama ya mbuzi pamsika, mupemphe impso zomwe sanazidule pafupi kwambiri, zikadali ndi mafuta ake. Chotsani mafutawo mofatsa pamalo olowa mkati paja. Mupeza timachubu ta mitundu itatu: artery ili ndi khoma lochindikala ndipo imakhalabe yozungulira, mtsempha wobweza magazi ndi wopyapyala ndipo umafwamphuka, kachubu ka mkodzo ndi kotuwa ndipo kamalowera chakumunsi. Valani magolovesi kapena timajumbo, musambe m'manja ndi sopo mukamaliza. Samalani ndi mtsempha umodzi womwe wagawika pawiri usanalowe mu impso, ukadulidwa pafupi umaoneka ngati iwiri, choncho impso zodulidwa pafupi muzilembe padera. Mu tebulo lanu mukhale mzere wa chiwerengero cha impso ndi mzere wina wa chiwerengero cha mbuzi, ndipo mukafika pa impso 30 tumizani zomwe mwapeza kuno tidzaziwerengere limodzi.